Mwana ayambire pa lichero, moto ubwere pambuyo

Mukafunsa mwana wa zaka zinayi kuti nsima imaphikidwa bwanji, amayankha molimba mtima. Wina amati ufa umasanduka nsima chifukwa choopa mthiko. Wina amakhulupirira kuti ndiwo zikachepa, kuthiramo mchere wambiri zichuluka. Ambiri amaganiza kuti moto ukalilima kwambiri nyemba zipsa pompopompo, n'chifukwa chake mukangotembenuka amasonkhezera nkhuni zonse pamafuwa. Sekani ndithu, koma musamuthamangitse. Maganizo amenewa akukuuzani zimene mwana waona kale ndi zimene sanamvetse, ndipo maphunziro ake ayambire pomwepo.

Makolo ambiri timalakwitsa ndondomeko. Timamukaniza mwana kukhitchini mpaka tsiku limene mayi adwala kapena apita kumaliro, kenako timamupatsa mthiko n'kumusiya yekha ndi phala lowira. Kuphika kuli ndi ntchito zambiri zosafuna moto, ndipo zimenezo ndizo zoyambira.

Wa zaka zitatu mpaka zisanu angathe kusankha nyemba palichero, kutsuka matimati m'beseni ndi kuswa mtedza. Posankha mtedzawo muonetseni njere zofota, zachuku ndi zosintha mtundu kuti azitaye, osazidya kapena kuzisinja. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene satha ngakhale muphike, ndipo amawononga chiwindi. Maso a ana ndi akuthwa pa ntchito imeneyi kuposa a agogo awo. Wocheperapo zaka zitatu asapatsidwe njere, angatsamwe nazo.

Akafika zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, mupatseni nkhwani asadzule, asinje nsinjiro mu kamtondo, asefe ufa. Apa m'pamene mungamuphunzitse magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi timawalalikira m'midzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Musamuloweze ngati ndakatulo. Muuzeni awerenge m'mbale ya lero. Futali wa mbatata yofiira mkati ndi nsinjiro ndi magulu awiri kale, akaonjezera papaya afika atatu.

Masanje musawanyoze. Mwana amene akuvundula dothi m'chitini akuphunzitsa dzanja lake. Chofunika n'chakuti masanje a moto weniweni azichitika pamaso pa munthu wamkulu, kutali ndi nkhokwe ndi denga la udzu. Anyamata nawo aphike. Zoti mwana wamwamuna akagwira mthiko ndiye kuti wanyozeka n'zimene zimadzamugonetsa ndi njala akadzapita kusukulu yogonera komweko kapena kuntchito ku Joni.

Tsopano za moto. Ana aang'ono ambiri amene amagonekedwa m'zipatala zathu zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa cha zilonda za moto amakhala atapsa pakhomo pomwe, ndi madzi otentha, phala kapena moto wapamafuwa. Phala ndi loopsa kwambiri chifukwa limamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha. Choncho nsima ikhale phunziro lomaliza, mwana atafika zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo ayambe ndi kampoto kakang'ono. Inu gwirani poto, iye avundule. Ikatuluka ya mibulu, idyani osadandaula. Chitetezo mbaula imathandiza chifukwa moto umakhala m'kati mwa dongo ndipo poto amakhazikika bwino, komabe mbali zake zimatentha. Chogwirira poto chiloze kumene mwana sangachikoke, ndipo asaphike atabereka mng'ono wake kumsana. Mwana amene amadwala khunyu athandize ntchito zina zonse, koma asakhale yekha pafupi ndi moto.

Akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala. Dzira laliwisi, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena ufa musapakepo, zimasunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo m'chilonda. Matuza musawaboole. Parafini musasunge m'botolo la chakumwa, mwana saona kusiyana.

Kusamba m'manja ndi sopo kukhale chiyambi cha kuphika kulikonse, ngakhale kwa masanje a ufa weniweni. Kolera amene anabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anafalikira kudzera m'madzi ndi zakudya zosasamalika. Mangani mpondagiya pafupi ndi khitchini, kachigubu kake katsike kufika pa msinkhu wa mwana wamng'ono kwambiri panyumbapo, ndipo ntchito yodzazamo madzi m'mawa uliwonse mupatse iyeyo.