Kusunga kaboni m'munda: yambirani pa zitsa ndi mapesi

Mtengo ukamakula umakoka mpweya wa kaboni mumlengalenga n'kuusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni ameneyu, ndipo nkhuniyo ikapsa amabwerera kumwamba kukawonjezera kutentha kwa dziko. Malawi adalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi malo oguga pofika 2030, koma lonjezolo silingatheke ndi mbande zodzala pamwambo wotsegulira nyengo yodzala mitengo mu Disembala n'kuzisiyira mbuzi.

Kumunda kwanga ku Lusangazi ndimayambira pa zitsa. Chitsa cha msuku kapena mombo chikaphukira, mizu yake imakhala yakuya kale, sichilira kuthirira ngati mbande ya m'chubu. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo mudule ndi chikwanje chakuthwa, chokweza m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Nthambi zam'munsi sadzani mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira. Zodulazo ndiye nkhuni zanu. Ine ndimamangirira kansanza kofiira pa mphukira zotsalazo kuti otola nkhuni adziwe kuti zili ndi mwini.

Mapesi musaotche. Ndikudziwa kuti anyamata amafuna mbewa, koma ndiwo ya tsiku limodzi isakuthereni chonde cha chaka chonse. Mapesiwo agonekeni pamunda aphimbe nthaka, chiswe chichite ntchito yake. Mvula ikadzagwa vundukulani ndi dzanja: dothi lapansi mupeza lakuda, lonyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Kudako ndi kaboni amene wakhazikika. Khasu likamatembenuza dothi chaka ndi chaka kaboniyo amathawanso, n'chifukwa chake ndimagwirizana ndi njira imene bungwe la Tiyeni limaphunzitsa kuno kumpoto: kuswa dothi lolimba lapansi ndi piki kamodzi kokha, masentimita 30 kuya kwake, kuumba mizere yotakata, kenako osapondaponso. Pakati pa chimanga ikani nandolo kapena mitengo ya gliricidia, masamba ake awolere momwemo.

Chotsala ndi moto. Aliyense wodutsa ku Chikangawa mu Okutobala amaona zomwe moto wolusa wachita m'nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000. Kaboni wosungidwa zaka zambiri amatha masana amodzi. Lambulani mozungulira munda ndi mitengo yanu mu Julayi, udzu usanaumiretu, ndipo mugwirizane ndi oyandikana nawo malire kuti nawonso alambule mbali yawo.