Mawu akasiyana ndi milomo pa kanema wojambula pa TV: momwe mungakonzere

Kwaya ya kumpingo kwanu inaimba pa MBC, inu n'kuijambula pa fulashi kudzera pa dikoda. Mwaisintha kukhala MP4 kuti muitumize kwa abale pa WhatsApp. Poonera, dzanja la woimba ng'oma latsika kale koma kulira kwake kukubwera pambuyo, wotsogolera nyimbo watseka pakamwa mawu akadamveka. Zimawawa, makamaka ngati pulogalamuyo sadzaibwerezanso.

Musanachite chilichonse, musafufute fayilo yoyambirira, ija dzina lake limathera ndi .ts. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amafufuta yoyambayo kuti fulashi ipeze malo, n'kutsala ndi yolakwika. Mu fayilo ya .ts, kachidutswa kalikonse ka chithunzi ndi ka mawu kamakhala ndi nthawi yake yolembedwa. Mvula ikagwa kapena mphepo ikagwedeza eriyo, tizidutswa tina timatayika m'njira. Dikoda imatsata nthawi zija, n'chifukwa chake pa TV zimaoneka bwino. Mapulogalamu ena osinthira kanema amangolumikiza zotsalazo osasamala za mipata, ndiye mawu ndi chithunzi zimasiyana.

Choyamba, pimani vutolo. Tsegulani MP4 yolakwika ija mu VLC, pulogalamu yoonerera kanema, ndipo onerani malo atatu: koyambirira, pakati, ndi kumapeto. Sankhani pamene wina akuomba m'manja kapena kutchula mawu okhala ndi "m", "b" kapena "p", chifukwa apo milomo imatsekeka moonekeratu. Pa kompyuta ya Windows, batani la K limachedwetsa mawu ndi ma millisecond 50 (1000 amapanga sekondi imodzi) nthawi iliyonse mukalidina, la J limawafulumizitsa. Dinani mpaka zigwirizane, kenako lembani nambala yomwe yaoneka pa sikirini. Musathamange apa. Khutu la munthu limamva msanga mawu akatsogola kusiyana ndi akatsalira, choncho bwerezani kangapo.

Ngati nambalayo ndi imodzimodzi m'malo onse atatu, ntchito yachepa. Tsegulani pulogalamu ya MKVToolNix, yomwe ndi yaulere, ikanimo fayilo mwapimayo, dinani pamzere wa mawu, ndipo m'bokosi lolembedwa Delay lembani nambala ija, mwachitsanzo 400, kapena -400 ngati mawu amatsalira. Imamaliza mofulumira popeza sikhudza chithunzi n'komwe. Fayilo ya MKV yomwe yatulukayo ndi imene muisinthe kukhala MP4.

Koma ngati koyambirira zili bwino, pakati zasiyana pang'ono, kumapeto zasiyana kwambiri, nambala imodzi singakuthandizeni. Apa pakufunika fayilo ya .ts ija ndi pulogalamu ya ffmpeg, yomwe ilibe mabatani. Mumachita kulemba lamulo. Musaope, ndi mzere umodzi (m'malo mwa kwaya.ts lembani dzina la fayilo yanu):

ffmpeg -i kwaya.ts -af aresample=async=1000 -c:v libx264 -c:a aac kwaya.mp4

Mbali ija ya aresample imauza pulogalamuyo kuti izitsata nthawi zolembedwa zija, n'kumatambasula kapena kufinya mawu pang'onopang'ono ndi kudzaza pomwe padatayika. Ine ndimayamba ndi njira imeneyi pa chilichonse chojambulidwa m'dzinja, chifukwa mipata siilephera kupezeka.

Amene mumakonda HandBrake, pulogalamu ina yosinthira kanema, pitani pa Video, ikani Framerate pa 25 ndipo sankhani Constant Framerate. TV ya kwathu kuno imayenda pa zithunzi 25 pa sekondi, pomwe ya ku America imayenda pa 29.97, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti analembera anthu akumeneko. Mawu nawonso asiyeni pa 48 kHz monga amabwerera kuchokera ku wailesi ya kanema.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza anthu. Fulashi yofomatidwa mu FAT32 silola fayilo imodzi kupitirira 4GB, choncho dikoda imadula pulogalamu yaitali m'zigawo zingapo. Mukasintha chigawo chilichonse pachokha n'kudzalumikiza pambuyo, polumikizira paliponse pakhoza kuwonjezera kusiyana. Lumikizani kaye zigawozo zikadali .ts, mu MKVToolNix momwemo pogwiritsa ntchito Append, kenako musinthe kamodzi. Kudula zotsatsa malonda kubwere komaliza, mawu atakhazikika kale. Izi zonse ndi za madikoda olola kujambula momasuka. Zojambulidwa pa DStv zimakhala zokhoma, siziseweredwa pa kompyuta.

Musanasinthe pulogalamu yonse ya maola awiri, yesani kaye mphindi ziwiri zokha powonjezera -t 120 mu lamulo la ffmpeg lija, dzina la fayilo yotuluka lisanalembedwe. Zikakhala bwino, yambitsani yonse laputopu ili ndi moto wokwanira, chifukwa MP4 yodukira panjira magetsi atazima kawirikawiri sitseguka. Ikatha, lumphani mpaka kumapeto, pa nyimbo yomaliza ija, muone ngati dzanja ndi ng'oma zikugwera pamodzi musanaitumize.