Momwe mungafulumizitsire render pa After Effects osagula kompyuta ina

Mnyamata wina wa ku Chikanda, amene amapanga timakanema toitanira anthu ku ukwati ndi totsatsa malonda, anandiimbira foni Loweruka lina m'mawa. "Achimwene, makinawa atha basi, mundithandize kupeza ena." Anali atayamba kurenda (kutulutsa kanema womalizidwa) kakanema ka masekondi 30 usiku pa After Effects, pulogalamu ya Adobe yopangira makanema, kamzere koonetsa pomwe ntchito yafika kakuyenda ngati nanzikambe, ndipo katatsala pang'ono kufika kumapeto magetsi anathima, batire n'kutha. Eni ukwati ankafuna kakanemako masana omwewo.

Nditafika ndinapeza laputopu ili pabedi, pamwamba pa bulangete, ikutentha moti mukhoza kuotchapo chimanga. Makinawo sanathe ayi. Anangosenzetsedwa katundu amene sanayenera kusenza. Zimene tinachita tsiku limenelo ndi zimene ndikulembazi.

Yambani ndi masamu

Kanema ndi zithunzi zotsatizana, ndipo kompyuta imajambula chilichonse pachokha. Ngati mwaika mafuremu (zithunzi zimenezi) 25 pa sekondi, kanema wa masekondi 30 ali ndi mafuremu 750. Furemu imodzi ikamatenga masekondi 10, mudikira maola awiri ndi mphindi zisanu. Mukaitsitsa kufika pa masekondi awiri, ntchito yatha m'mphindi 25. Choncho nkhondo yonse ili pa furemu imodziyo: ikulemera chifukwa chiyani?

Chinthu choyamba kuona ndi kukula kwa composition, bwalo limene mumasanjapo kanema wanu. Dinani Ctrl+K. Ya mnzangayu inali ya 4K, 3840 x 2160, chifukwa anamva kuti ndiyo yapamwamba. Furemu ya 4K ili ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) oposa 8 miliyoni, pamene ya 1920 x 1080 ili ndi ongopitirira 2 miliyoni. Ndiye kuti ntchito yachuluka kanayi. Nanga kakanemako kankapita kuti? Pa WhatsApp, pomwe amakafinya mpaka kuchepa, anthu n'kumakaonera pa foni mu minibasi ya ku Chinamwali. Funsani kasitomala komwe kanemayo akaonetsedwe musanayambe ntchito. Ngati ndi pa status, 1080 x 1920 yoimirira ikukwana. Mafuremu 60 pa sekondi nawonso musawaike mwachisawawa, 25 kapena 30 ndi okwanira pa ntchito zambiri.

Kenako samalirani makinawo

Lumikizani chaja. Malaputopu ambiri akakhala pa batire amadzichepetsera mphamvu okha. Pa Windows pitani pa Power mode musankhe Best performance.

Chotsani laputopu pabedi kapena pamiyendo, muiike patebulo, kumbuyo kwake muitsamiritse pa kabuku kuti mpweya uzilowa pansi. Purosesa ikatentha kuyandikira madigiri 100 imatsitsa liwiro dala kuti isapse, ndipo inu mumangoona render ikuzengereza osadziwa chifukwa. Kuno ku Zomba timanyadira kamphepo ka ku phiri, koma amene wakhalapo m'chipinda cha malata ku Matawale mu Okutobala akudziwa kuti kamphepoko kamatsalira ku Ku Chawe. Render yaikulu iyambitseni usiku kapena m'bandakucha. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, yadzaza fumbi. Pitani nayo kwa okonza makompyuta akaipukute, akasinthenso thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Malaputopu ambiri a kaunjika amafika kuno phala limenelo litauma kalekale.

Dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager pamene render ikuyenda, muone pa Performance. Memory (RAM, posungira zimene kompyuta ikugwira nthawi yomweyo) ikadzaza, tsekani Chrome, Photoshop ndi zina zonse. Adobe amanena okha kuti After Effects imafuna RAM yosachepera 16 GB, pamene ambiri tikulimbana ndi 8 GB. Disk ikakhala pa 100 peresenti nthawi zonse, vuto ndi hadi disiki yakale. Ngati muli ndi kandalama kochepa, ine ndinganene kuti muyambe ndi SSD (disiki yosazungulira) ndi RAM. SSD wamba imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, hadi disiki yozungulira ija imangofika cha m'ma 100. Ndipo musamagwire ntchito mafayilo ali pa fulashi, akopereni mu kompyuta kaye.

Mabatani atatu a mu After Effects

Loyamba, pitani pa Edit, Preferences, Memory & Performance, muchonge Enable Multi-Frame Rendering. Zimenezi zinabwera mu 2021 ndi After Effects 22.0, ndipo zimalola kuti ma core (zigawo) a purosesa azigawana mafuremu m'malo moti onse adikirire imodzi. Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo, batanili simulipeza. Ma plugin (timapulogalamu toonjezera) ena akalekale sagwirizana nalo, ndipo amaonetsa kachizindikiro kachikasu kochenjeza pafupi ndi dzina lawo.

Lachiwiri lili pa File, Project Settings, Video Rendering and Effects. Sankhani Mercury GPU Acceleration, ya CUDA ngati khadi lanu la zithunzi (GPU) ndi la NVIDIA, ya Metal ngati muli pa Mac. Musayembekezere zozizwitsa, chifukwa After Effects imadalirabe kwambiri purosesa ndi RAM, koma ma effect monga Gaussian Blur ndi Lumetri Color amapepukako. Muli pomwepo onani pa Color. Ngati pali 32 bpc (muyeso wa kuya kwa mitundu) popanda chifukwa, bwezerani pa 8, kapena 16 mukaona mitundu ikupanga mizeremizere.

Lachitatu, mu Preferences momwemo, ndi Media & Disk Cache. Apa ndi pomwe pulogalamu imasunga mafuremu amene yajambula kale kuti isawabwereze. Lozetsani cache pa SSD yokhala ndi malo, ndipo ikadzaza dinani Empty Disk Cache.

Pogwira ntchito, musamaonere pa Full. Pansi pa zenera la composition sankhani Half kapena Quarter. Half imangojambula pixel imodzi mwa anayi alionse, Quarter imodzi mwa 16. Dinani B poyambira ndi N pothera kuti muziyesa kachigawo kamene mukukonzako kokha. Caps Lock ikayaka zenera limasiya kujambula, zomwe zimathandiza mukamasuntha zinthu zolemera.

Pezani layer yolemera

Apa ndi pamene ambiri amaluzira nthawi, ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Kawirikawiri si kanema yense amene ali wolemera. Mumapeza ma layer (zidutswa zosanjikizana monga chithunzi, mawu kapena kanema) makumi atatu ali bwinobwino, awiri okha ndi amene akudya nthawi yonse. Kuyambira pa 22.0 yomweyo, pansi pa timeline (pomwe ma layer amandandalikidwa) kumanzere pali kachizindikiro ka nkhono. Kadineni, ndipo pabwera mzere wa Render Time woonetsa nthawi imene layer iliyonse ikutenga pa furemu imene mwaimapo. Pitani pamene kanema amazengereza, muone nambala yaikulu.

Kwa mnzanga uja olakwa anali atatu. Zithunzi za akwati anaziika monga zinachokera mu kamera, 6000 x 4000, n'kuzichepetsa ndi Scale mkati mwa composition, ndiye kompyuta inkanyamula chithunzi chonse pa furemu iliyonse. Tinazichepetsa mu Photoshop kufika cha m'ma 2000 m'lifupi, malo oti n'kuyandikitsa pang'ono akadalipo. Wachiwiri anali Camera Lens Blur, effect yochititsa chithunzi mbuu, yomwe ndi yokongola koma yolemera kwabasi. Tinaika Fast Box Blur, ndipo palibe mlendo wa ukwati amene akanasiyanitsa. Wachitatu anali motion blur (mbuu wa zinthu zoyenda) yoyatsidwa pa layer iliyonse, ngakhale zimene sizikusuntha n'komwe.

Panalinso tinyenyezi tagolide tothothoka kumbuyo kwa mayina, timene anakanitsitsa kutichotsa. Chabwino, luso ndi lake. Chinthu chotere, chimene mwamaliza ndipo simudzachisinthanso, chirendeni pachokha kamodzi. Tsegulani composition yake, pitani pa Composition, Pre-render, ndipo After Effects idzaika kanema womalizidwayo m'malo mwake. Ngati kumbuyo kwake kuyenera kuonekera, sankhani ProRes 4444 kapena PNG ndi RGB + Alpha.

Makanema ojambulidwa pa foni nawonso amavuta. Amakhala ofinyidwa kwambiri mu H.264 kapena HEVC, ndipo mafuremu ake pa sekondi amasinthasintha. Asandutseni kaye kukhala ProRes, mtundu wa fayilo wosafinyidwa kwambiri, kudzera mu pulogalamu ya Media Encoder kapena Shutter Encoder, yomwe ndi yaulere. Fayilo ikula, koma kompyuta imaiwerenga mosavuta.

Rendani moti magetsi akathima musalire

Mukarenda molunjika ku MP4 kompyuta n'kuzima pakati, fayiloyo sitseguka, mwaluza zonse. Njira yake ndi iyi. Sungani project ndi Ctrl+S, dinani Ctrl+M, pa Output Module musankhe PNG Sequence, muipatse foda yakeyake. Pa Render Settings chongani Skip existing files. Tsopano furemu iliyonse ikusungidwa payokha. Magetsi akapita muli pa furemu 600, akabwera tsegulani fodayo, fufutani chithunzi chomaliza chifukwa mwina chinalembedwa theka, muyambitsenso render ku foda yomweyo ndi dzina lomwelo. Idumpha zimene zilipo kale n'kupitiriza pomwe inalekezera.

Zithunzi zilibe mawu, ndiye nyimbo itulutseni payokha ngati WAV. Kenako lowetsani zithunzizo ngati sequence mu Premiere, pulogalamu ya Adobe yolumikizira makanema, kapena mu After Effects momwemo, onetsetsani kuti mafuremu pa sekondi akufanana ndi a poyamba, ikani nyimbo, mutulutse H.264, ndiye kuti MP4. Gawo limeneli silichedwa chifukwa ntchito yolemera yatha kale. Phindu lina mudzaliona kasitomala akadzati tsiku la chinkhoswe lalakwika: mudzangofufuta mafuremu a pamenepo n'kurenda omwewo.

Inu ogwiritsa ntchito Blender, pulogalamu ya zithunzi za 3D, zanu ndi zomwezi. Tulutsani PNG, muchotse chongi pa Overwrite. Cycles, injini yake yorendera, imabwera ndi ma sample 4096, omwe pa laputopu ndi chilango. Tsitsani kufika pa 128 kapena 256 muyatse Denoise, ndipo ngati ndi logo yongozungulira yesani kaye Eevee, injini yake ina yopepuka.

Musanayambitse render yonse, rendani masekondi awiri a pamalo olemera kwambiri, muone nthawi, muchulukitse. Mukatero mudziwa choti muuze kasitomala. Ife tinatero, masamu anatiuza kuti sitifika theka la ola. Tinayambitsa, n'kutsikira kumsewu kukagula chipisi. Pobwera fodayo inali ndi zithunzi 750, ndipo mwini ukwati anali atatumiza kale uthenga woti dzina la ankhoswe a kuchikazi lasowa chilembo chimodzi.