Musasonkhe moto thumba lili mumphika

Nyengo yozizira ino ndalawitsidwa mowa wa anthu ambiri amene angoyamba kufulula ndi chimera cha balere chokhachokha, potsata njira ija ya thumba yomwe ambiri amangoti BIAB (Brew in a Bag, kutanthauza kufulula m'thumba). Matenda ake ndi amodzi. Mowa ndi wambuu, ukutsekemera mokola, ukali mulibe, ndipo wina ukumveka fungo la nsalu yopserera. Ndikafunsa momwe anaviikira chimera, yankho ndimakhala ndikulidziwa kale: mphika utayamba kuzizira, anayatsanso moto thumba lili momwemo.

Njira imeneyi anaitchukitsa ndi ofulula mowa a ku Australia m'zaka za m'ma 2000, ndipo ubwino wake ndi wakuti zonse zimathera mumphika umodzi. Madzi onse amalowa nthawi imodzi, thumba la nsalu yopyapyala ya polyester limayalidwa mkati, chimera chophwanya chimathiridwa m'thumbamo, ndipo pakatha ola limodzi mumangolitukula. Za kuwiritsa, za hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi za kutsuka ziwiya sindikambapo, amene wafika pogula chimera amazidziwa. Ola limodzi loviikalo ndi limene likupha mowa chaka chino.

Pa ola limenelo chimera sichikuphikidwa ayi. M'njere ya balere yomwe inamera n'kuumitsidwa muli ma enzyme amene amaphwanya sitalichi kuti ikhale shuga, ndipo akuluakulu ndi awiri. Beta amylase amapanga shuga wa maltose, amene yisiti imadya mosavuta n'kusandutsa mowa. Iyeyu ndi wofooka: amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri a Celsius 60 ndi 65, ndipo kutentha kukapitirira 70 amatha m'kanthawi kochepa. Alpha amylase amapirirako, amakonda cha m'ma 70, koma amadula sitalichi m'zidutswa zikuluzikulu zomwe zina yisiti singazidye. Pofika 78 nayenso wagona. N'chifukwa chake timaviika pakati pa madigiri 64 ndi 68, pomwe onse awiri amatha kugwirira ntchito limodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Enzyme ikapsa yapsa. Mungathire madzi ozizira, mungadikire mpaka m'mawa, sidzukanso. Pamene chimera chikazizira pang'ono, ma enzyme amangochepetsa liwiro, ntchito n'kumapitirirabe. Tsono munthu akaona choyezera kutentha chatsika kuchoka pa 67 kufika pa 64 n'kuthamangira machesi, akuchiza chinthu chosadwala ndi mankhwala akupha.

Wina anena kuti, koma ine ndinayatsa pang'ono chabe, ndipo choyezera sichinapitirire 66. Choyezeracho munachiika pati? Pamwamba. Chimera chonyowa ndi cholemera, chimakhazikika pansi ndipo chimatsekereza kutentha kuti kusakwere msanga. Pansi pa mphika, pomwe pali njere zambiri, pamakhala patadutsa kale 80 inu mukuwerenga 63 pamwamba. Mukadzavundula, nambala imalumpha kufika 72 kapena 74, ndiye mumayamba kudabwa. Nthawi yonseyo nsalu yagona pachitsulo chamoto ndi makilogalamu asanu a chimera pamwamba pake. Polyester imasungunuka. Mwayi ukakhalapo imangopserera n'kusiya fungo lomwe silichoka ngakhale muwiritse maola awiri. Mwayi ukasowa, thumba limabooka pamene mukulitukula, ndipo njere zonse ndi mankhusu ake zimakhuthukira m'madzi amene mumati muwiritse.

Tiyeni tiwerengere zomwe zatayika. Mowa wabwino wa woyamba kumene umayamba cha pa 1.050 pa hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa madzi a chimera, ndipo yisiti ikamaliza umatsika kufika cha pa 1.010. Kusiyana kwa manambala awiriwo kuchulukitsa ndi 131 kumapereka ukali wa pafupifupi 5.2 peresenti. Chimera chomwecho chikatenthedwa mopitirira, mukhoza kuyambabe pafupi ndi 1.050, chifukwa hydrometer imangoyeza kulemera kwa madzi, siisiyanitsa shuga wodyeka ndi wosadyeka. Koma yisiti imakaima pa 1.026, osasunthanso. Ukali wake ndi 3 peresenti yokha, mowa uli nomatenomate mkamwa. Chimera mwalipira chonse, hops yense, gasi yense, tsiku lathunthu lapita, kuwonjezapo milungu iwiri yodikira chidebe ndi ina iwiri ya m'mabotolo. Ndipo sitalichi yotsala ija, yomwe yisiti ya mowa siidya, tizilombo tina timaidya bwinobwino, ndiye mowa wotere suchedwa kusasa.

Chimene chimanditopetsa ndi chakuti mlandu umagwera yisiti. Munthu amagula paketi ina, n'kuthira, n'kugwedeza chidebe, n'kuchisamutsira pofunda. Palibe chisintha. Yisiti inamaliza kalekale chakudya chomwe inapatsidwa.

Mlimi wina wachikulire, munthu wosamala zinthu zake ndithu, anandiitana kuti ndikaone chidebe chomwe chinangoti zii patatha masiku atatu. Nditafunsa za choyezera kutentha anaseka.

"Alangizi, chala changachi chaona madzi otentha kuyambira inu musanabadwe. Ndikapisa n'kuwerenga mpaka zitatu, ndimadziwa."

"Nanga bambo, chalacho chinati madigiri angati?"

"Chinati apsa bwino."

Anandiuzanso monyadira kuti moto sanauzimitse ola lonse, anangouchepetsa, chifukwa m'mawa umenewo kunali chisanu ndipo sanafune kuti chimera chigone m'madzi ozizira. Thumba anandionetsa lili ndi chigamba chabulauni pansi pake. Tinadonthetsera ayodini m'kambale ka mowa wakewo ndipo unada bii nthawi yomweyo, kusonyeza kuti sitalichi inali idakalimo yambiri. Anayang'ana kambaleko kanthawi, kenako anati mwina balere wa chaka chino ndi wosakhwima.

Chala sichingasiyanitse 66 ndi 76, zonse zimangowotcha. Maganizo akuti chilichonse chili mumphika chimafuna moto pansi pake ndi a kukhitchini, ndipo amathandiza kumeneko. Pano tikusunga madigiri anayi okha, 64 mpaka 68, ndipo chizolowezi cha zaka makumi anayi sichingawaone. Anthu amagula mphika wa malita 40 wonyezimira, koma kachoyezera kokwana m'thumba la malaya amati n'kuwononga ndalama.

Choseketsa n'chakuti BIAB ndi njira yosafuna kwenikweni moto wachiwiri. Popeza madzi onse amalowa pamodzi, malita 28 kapena 30 pofuna mowa wa malita 20, mphikawo umasunga kutentha kwambiri. Mukauvindikira n'kuukulunga bwino, pa ola lonse umatsika ndi madigiri awiri kapena atatu basi. Komanso chimera cha masiku ano chimasandutsa sitalichi yambiri m'theka loyamba la olalo, kutentha kudakali pomwe munakufuna. Kutsika kwa kumapetoko kumangopangitsa mowa kukhala wosatsekemera kwambiri, chinthu chomwe ambiri amachikonda. Ine ndingasankhe chimera chomwe chathera pa 62 kusiyana ndi chomwe chakhudzako 75 ngakhale kwa mphindi khumi zokha.

Zoti kodi thumba mulifinye mukalitukula musandifunsenso. Finyani, mutavala magolovesi okhuthala. Zoti kufinya kumawawitsa mowa ndi mantha chabe, ndipo madzi amene mumasiya m'njeremo ndi otsekemera kwambiri.

Tsono chochita, mwachidule. Yambani mwayesa choyezera chanu: m'madzi odzaza ayezi chiwerenge 0. M'madzi owira chiwerenge 100 ngati muli kufupi ndi nyanja yamchere, koma kumtunda nambalayo imatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse, choncho musachitaye msanga. Tenthetsani madzi okha, thumba lisanalowe, kufika pa 69 kapena 70, ndipo tsiku lozizira kwambiri onjezerani digiri imodzi popeza njere nazo zimakhala zozizira. Zimitsani moto. Yalani thumba, lipaneni m'mphepete, thirani chimera pang'onopang'ono mukuvundula ndi mthiko mpaka mibulu yonse ithe. Yezani malo atatu, pansi, pakati ndi m'mbali, mutavundula kaye. Mupeza 66 kapena 67. Vindikirani, kulungani ndi bulangeti lakale moto utazimiratu, ndipo chokanipo. Kuvundukula mphindi zisanu zilizonse ndiko kumathawitsa kutentha.

Mukapeza kuti mwaposa 70 mutangothira chimera, thirani madzi ozizira kapu imodziimodzi mukuvundula, mwachangu, musadikire kuti zizizire zokha. Mukatsika pansi pa 62, lita imodzi kapena awiri a madzi owira amakweza bwino popanda kukhudza chitofu. Ngati mwaumirira moto, tukulani thumba lichoke pansi, lilendewere, ndipo mthiko usaime mpaka mutazimitsa. Ola likakwana tapani timadzi topanda mankhusu, donthezerani ayodini pambale yoyera, ndipo zoyeserazo mutaye, zisabwerere mumphika. Mtundu ukapanda kusintha tukulani thumba. Ukada, vindikiraninso kwa mphindi 20.