Kachikwama ka mankhwala pa ulendo wa basi ya ku Joni: momwe mungakalongedzere

Amene anakwerapo basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg akudziwa kuti ulendowu si wa tsiku limodzi. Mumatulukira pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete pomwe dzuwa lake limaswa mtengo, kenako Nyamapanda, Harare, Masvingo, ndiye kukaima pa mzere wa pa Beitbridge womwe palibe amadziwa kuti utha nthawi yanji. Mutu ukakugwirani m'njiramu, dalaivala sangakuimikireni basi kuti mukasake sitolo ya mankhwala.

Ine ndinaphunzira movutikira. Panado ndinali naye, koma ndinamuika m'chikwama chachikulu chomwe anyamata a basi anachiponya m'ngolo ya kumbuyo n'kukhoma. Mutu unayamba titangodutsa Tete, ndipo ngoloyo inatsegulidwa mawa lake pa chipata. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anachita chimodzimodzi ndi mapiritsi awo a BP, ndipo awo sizinali zoseketsa. Ndiye musanagule kalikonse, pezani kachikwama kakang'ono ka zipi komwe kazikhala pamiyendo panu ulendo wonse. Zonse zomwe nditchule pano zilowe mmenemo.

Poyambira ndi ku chipatala chanu, patatsala sabata ziwiri kapena zitatu. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu kapena opopera a mphumu, awa ndiwo oyamba kulowa m'kachikwamako. Auzeni adokotala kuti mukhala kunja nthawi yaitali bwanji, ndipo mupemphe okwanira masiku onsewo ndi ena apadera a sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa tsiku lobwerera limasuntha. Kwa amene ali pa ma ARV ndipo akupeza bwino, zipatala zathu zimatha kupereka a miyezi ingapo nthawi imodzi. Tengani buku lanu la kuchipatala komanso kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndipo mujambule zonsezi pa foni. Mankhwalawo asiyeni m'mabotolo ndi m'mapaketi ake enieni. Ndikudziwa kuti ena amawakhuthulira m'kapepala poopa maso a anthu, koma mapiritsi opanda dzina ndi amene amautsa mafunso pa chipata, komanso amagwira chinyontho. Nthawi yomwera musaisinthe: Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse amayendera wotchi imodzi. Insulin yekha amafuna chisamaliro chapadera chifukwa amawonongeka ndi kutentha. M'ngolo asalowemo, padzuwa la pa windo asakhalepo. Muikeni m'kachikwama kozizira, koma asakhudzane ndi ayezi.

Mukatero gulani za mutu ndi kutentha thupi. Panado wa 500mg, munthu wamkulu amamwa m'bulu umodzi kapena iwiri, n'kudikira maola osachepera 4, ndipo asapyole mibulu 8 pa maola 24. Chenjerani apa: mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, ndiye mukaphatikiza ndi Panado mumapyola mlingo osadziwa, chiwindi n'kuvulala. Brufen ndi wabwino pa msana ndi dzino, koma amafuna mutadya, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena amayi oyembekezera amusiye. Mwana musamupatse aspirin. Mutengereni Panado wamadzi ndi kachikho kake koyezera.

Chomwe chimachititsa manyazi kwambiri pa ulendowu ndi m'mimba. Nkhuku yokazinga dzulo yomwe yakhala m'kontena maola 20, tchipisi cha pa siteji, madzi a m'botolo lomwe simukudziwa kuti analidzaza kuti. Tengani mapaketi a Thanzi ORS osachepera anayi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndiye khalani ndi botolo lomwe mukudziwa kuti ndi lita yeniyeni. Musathire theka la paketi m'kabotolo mongoyerekeza, ndipo zotsala zikatha maola 24 zitayeni. Thanzi akakutherani, lita imodzi ya madzi, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito. Kwa mwana wotsegula m'mimba onjezerani zinc, yemwe amamwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14.

Palinso loperamide, yemwe ambiri amamudziwa kuti Imodium. Ameneyu sachiza, amangomanga m'mimba kuti mufike pomwe pali chimbudzi, ndipo m'basi yomwe imaima pakatha maola asanu ndi mnzanu weniweni. Koma ndi wa akuluakulu okha, ndipo ngati m'chimbudzi muli magazi kapena thupi latentha, musamumwe. Mukaona kuti mukutsegula zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, imeneyo ikhoza kukhala kolera, yomwe mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 kuno kwathu. Pamenepo musadikire kuti mukafike. Imwani Thanzi mosalekeza ndipo muuze kondakitala kuti akutsitseni pa chipatala chapafupi. Kasopo kakang'ono ndi sanitayiza zikhalenso pafupi, popeza madzi a m'zimbudzi za pa chipata ndi a mwayi.

Pa chilungulira anthu amakonda kutafuna magnesium trisilicate. Ngati muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ambiri akumwa kuyambira mu 2019, musamwe ziwirizi nthawi imodzi chifukwa wa chilungulirayo amatchinga ARV kulowa bwino m'thupi. Imwani ARV maola 2 musanatafune winayo, kapena dikirani maola 6 mutatafuna.

Amene amachita mseru ndi chizungulire m'galimoto afunse za Stugeron kapena Phenergan. Amamwedwa basi isananyamuke, osati mutayamba kale kusanza. Onse awiri amagonetsa, chimodzimodzi Piriton wa ziwengo ndi kuyabwa, ndiye pasipoti ndi ndalama zibiseni kaye musanamwe. Ngati ndinu amene mukuyendetsa galimoto, sankhani cetirizine m'malo mwa Piriton. Mapulasitala angapo, bandeji imodzi ndi kabotolo ka mankhwala otsukira bala ndi zokwanira. Miyendo ikamatupa, mankhwala ake ndi kutsika n'kuyendayenda paliponse pomwe basi yaima.

Tsopano malungo, ndipo apa ndikulankhula makamaka ndi inu a ku Joni amene mumabwera kudzadyera Khirisimasi kumudzi. Ku Johannesburg kulibe malungo ofala ndi udzudzu, ndipo munthu ukakhala kumeneko zaka zingapo, mphamvu yomwe thupi linali nayo yolimbana ndi malungo imachepa kwambiri. Mumafika mu Disembala mvula itayamba, udzudzu utayamba kuchuluka, inu mukuti ndinakulira konkuno. Ana obadwira kunja ndiye alibiretu chitetezo chilichonse. Musananyamuke kafunseni mankhwala oteteza. Doxycycline amayambidwa tsiku limodzi kapena awiri musanalowe dera la malungo, kumwa tsiku lililonse, ndi kupitiriza sabata 4 mutatulukamo. Sayenera amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8. Atovaquone-proguanil, yemwe ku South Africa amagulitsidwa ndi dzina loti Malanil, ndi wodulirapo koma mumangopitiriza masiku 7. Neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu musaziiwale.

Kwa amene mukuchoka kuno kupita uko, vuto ndi lina: udzudzu umakulumani kwanu, malungo n'kukadwalira ku Joni patatha sabata imodzi kapena kuposerapo, komwe dokotala akhoza kuganiza kuti ndi chimfine. Thupi likatentha muuzeni poyera kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. LA, yemwe analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, si womwa mongoganizira. Akakupezani nawo, wamkulu amamwa mibulu 4 kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta, ndipo amamaliza yonse 24 ngakhale wayamba kupeza bwino.

Pali zina zomwe ndi bwino kungozisiya. Makapisozi a amoxicillin otsala kwa achemwali anu sachiza chimfine. Tramadol ndi mankhwala okhala ndi codeine amalamulidwa mwamphamvu, ndipo popanda kalata ya dokotala akhoza kukuikani m'mavuto pa chipata. Munthu wosamudziwa akakupemphani pa depoti kuti mukamuperekere phukusi la mankhwala kwa m'bale wake, kanani mwaulemu. Zonse gulani ku sitolo yokhala ndi chiphaso cha bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA, osati kwa mavenda amene mapiritsi awo amatandala padzuwa tsiku lonse, ndipo yang'anani tsiku lotha mphamvu pa paketi iliyonse musanalipire.

Usiku woti mawa mukunyamuka, khuthulani kachikwamako pa bedi, muwerenge mapiritsi a tsiku ndi tsiku kuti akwanadi masiku onse, mulembe pa kapepala dzina lanu, mankhwala omwe mumamwa, omwe sakuyanjani ndi nambala ya munthu wa kunyumba, kapepalako mukaike m'kati mwa pasipoti.