Mmene ndimasalira kudya kwa maola ena ndili ndi matenda a shuga

Ndimakhala ku Kawale, ndipo ndili ndi shopu ya zipangizo za zigayo kufupi ndi msewu wa Malangalanga. Anandipeza ndi matenda a shuga mu 2021, nditatha miyezi ndikudzuka kanayi usiku kukataya madzi, kukhosi kuli gwaa ndi ludzu. Tsiku limenelo anandiyeza ndisanalawe kanthu, kamakina kanaonetsa 11.8, pomwe 7.0 ndi malire a matendawa. Anzanga a pamsika amandifunsa kawirikawiri za kusala kudya komwe amawerenga pa WhatsApp, kuti kodi n'zoona kuti kumachiza shuga. Ndimawayankha kuti kukhoza kumuthandiza munthu, kukhozanso kumugwetsa pakati pa msewu, ndipo zonse ziwirizi zinandichitikirapo.

Kuseri kwa chifu kuli kapamba. Mkati mwake muli timagulu ta maselo timene Paul Langerhans anationa koyamba ku Berlin mu 1869, ndipo m'timaguluti muli maselo otchedwa beta. Ntchito yawo ndi kutulutsa insulini, amene amatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu. Mukameza nsima, phala kapena thobwa, maselowa amadzuka n'kuyamba ntchito. Mu shuga wa mtundu wachiwiri, umene ambiri a ife akuluakulu tili nawo, thupi silimvanso bwino insulini, ndiye maselo amakakamizika kutulutsa wochuluka mpaka kufooka. Ine wa zigayo izi ndimazimva msanga, chifukwa injini yoyenda kuchokera mbandakucha mpaka usiku osazima imatentha. Kale ndinkamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga 6 koloko, mandasi cha m'ma 10, tchipisi cha pachiwaya ndi Fanta masana, kenako mitanda inayi ya ufa woyera cha m'ma 9 usiku n'kukagona pomwepo. Kapamba wanga sankaweruka.

Tiyeni tinene zoona pa zimene akatswiri anapeza, chifukwa za pa foni zimakokomeza. Nkhani yoti kusala kumabwezeretsa maselo a beta inachokera kwambiri ku kafukufuku wa Valter Longo wa ku California mu 2017, ndipo anachita pa mbewa. Mu 2018, ku Louisiana, anayesa amuna 8 amene shuga wawo anali atayamba kukwera: ankadya chakudya chonse m'maola 6, kumaliza 3 koloko masana isanakwane, kwa milungu 5. Matupi awo anayamba kumva bwino insulini ngakhale sanatsike thupi, koma amuna 8 ndi ochepa kwambiri. Umboni wamphamvu pa anthu unachokera ku Britain mu 2017, pa kafukufuku wa DiRECT wa Roy Taylor ndi Mike Lean. Anthu onenepa amene anadwala shuga kwa zaka zosapitirira 6 anachepetsa kwambiri chakudya kwa miyezi ingapo, ndipo chaka chitatha pafupifupi theka anali ndi shuga wabwino popanda mankhwala. Mwa amene anatsika makilo 15 kapena kupitirira, anali 86 pa 100 alionse. Taylor amafotokoza kuti mafuta ounjikana m'chiwindi ndi m'kapamba ndi amene amatsamwitsa maselowa, ndipo akachoka matenda asanakhalitse, maselo ena amatsitsimuka. Mmene ndimaonera ine, kuwerenga maola kumathandiza makamaka chifukwa kumatseka njira ya kudya kwa usiku, chimimba n'kuyamba kuphwa.

Musanasinthe kalikonse, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala mupite nazo kwa adokotala kapena anamwino amene amakuonani. Ine ndinalumpha pamenepa ndipo ndinaona zakuda. Nthawi imeneyo ndinkamwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin ndi glibenclamide. Tsiku lina mu Okutobala ndinameza mapiritsi mmawa ndi madzi okha, n'kunena kuti ndidya masana. Cha m'ma 11, ndikuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe wapansi, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma, maso akuchita mdima. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana nati, "Bambo, kodi ndi shuga?" Anatuma mnyamata wa kabaza kukagula Fanta, ndipo nditamwa theka ndinabwerera mwakale. Mayiyo sindinamuonenso, koma sindimuiwala. Kulakwa kunali kwanga: glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya mwadya kaya simunadye. Jakisoni wa insulini nayenso amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Metformin payekha sagwetsa shuga kawirikawiri, koma amafuna kumwera pa chakudya kuti asavute m'mimba. Nditafotokoza kukliniki, anandisinthira nthawi ndi mlingo wa mankhwala, ndipo ndi pamene ndinayambiranso bwinobwino.

Chachiwiri ndi kamakina koyezera shuga. Timapepala take timadula, ndikudziwa, koma kusala opanda koyezera kuli ngati kuyenda usiku opanda nyali. M'milungu iwiri yoyamba yezani mukangodzuka, yezaninso musanadye chakudya choyamba, ndiponso nthawi iliyonse mukamva zachilendo m'thupi. Lembani m'kope tsiku, nthawi ndi nambala. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL. Kuchulukitsa nambala yoyambayo ndi 18 kumapereka yachiwiriyo. Mukaona 3.9, yomwe ndi 70, kapena kutsikirapo, kusala kwathera pomwepo. Sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena imwani theka la botolo la chakumwa chotsekemera, dikirani mphindi 15, yezaninso, kenako idyani chakudya chenicheni. Nambala ikapitirira 16.7, yomwe ndi 300, lekaninso kusala ndipo pitani kuchipatala. Apabanja panu adziwe kuti munthu akakomoka samumwetsa kanthu, amathamanga naye kuchipatala. Ine m'thumba la malaya simusowa maswiti atatu.

Poyamba musathamangire maola 16 amene ambiri amatchula. Yambani ndi 12: kumaliza mgonero 7 koloko madzulo, kadzutsa 7 koloko mmawa. Maola ambiri mumakhala muli m'tulo. Pakatha milungu iwiri manambala ali bwino, bwezani mgonero ufike 6 koloko, kenako 5 koloko. Ine ndinaima pa maola 14, ndipo sindikuona chifukwa chopitirira. Ndimalangiza kudula usiku m'malo modula mmawa, chifukwa thupi limamva bwino insulini dzuwa likadali m'mwamba, komanso ntchito zathu zolemetsa ndi za mmawa. Madzi imwani ambiri, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe. Tiyi wopanda shuga komanso wopanda mkaka saswa kusala. Thobwa, maheu, Sobo ndi mowa zimaswa.

Vuto lalikulu silinali njala ayi, linali la kunyumba. Kwathu mgonero ndi pamene banja limakumana, ndipo bambo kukana nsima imene mayi aphika ndi nkhani. Masiku oyamba akazi anga anakhumudwa, ankati, "Kodi abambo, mwayamba kudya kwina?" Ndinawatenga tsiku la kliniki kuti akamve okha, ndipo kuyambira pamenepo ndi iwo amene amandisungira nthawi. Chakudya changa chomaliza amandipakira mmawa m'kontena, ndimadyera kushopu ndisanatseke, chifukwa ndikadikira kukafika kunyumba ndi mmene minibasi zimachedwera madzulo, ikhala itakwana kale 7. Usiku ndimakhala nawo patebulo ndi kapu yanga ya tiyi, ana akudya, tikucheza.

Maola odyera si chilolezo chobwezera zomwe munasala. Mmawa ndimadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro lopanda shuga, kapena mazira awiri owiritsa ndi kachidutswa ka mbatata. Nkhomaliro ndiye chakudya chachikulu: mitanda iwiri yaing'ono ya mgaiwa, theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, chisoso, bonongwe kapena mpiru, ndi nyemba, usipa kapena matemba. Ndimayamba ndi ndiwo, nsima pambuyo. Madzulo ndi ndiwo zambiri ndi mtanda umodzi, ndipo ndikatseka shopu ndimayenda kaye wapansi mphindi 20 ndisanakwere. Mango akapsa ndimadya limodzi pamodzi ndi chakudya, osati beseni lonse monga kale.

Pali anthu amene njira iyi si yawo, ndipo ndikuchonderera kuti musawakakamize. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba ofooka, odwala impso, ndi amene shuga amawagwera pafupipafupi asayese popanda dokotala wowayang'anira. Ana ndi achinyamata asayese n'komwe. Ku Munich anapeza kuti kusala kwa nthawi yaitali kunasokoneza kukhwima kwa maselo a beta pa mbewa zazing'ono. Kuno kwathu kulinso odwala shuga ambiri owonda kale, amene vuto lawo si mafuta, ndipo kuwachepetsera chakudya n'kuwawonjezera mavuto. Tsiku limene mwadwala malungo, mukutsegula m'mimba kapena kusanza, musasale. Kusala kwa kutchalitchi kapena kwa mwezi wa Ramadan, komwe ena samwa ngakhale madzi, ndi nkhani ina yofunika kukambirana ndi achipatala nthawi ikadalipo.

Pamaliro ndi paukwati ndimadya ndi anthu nthawi imene chakudya chabwera, mawa lake n'kubwerera pa ndondomeko yanga. Patha chaka ndi theka tsopano. Ndatsika makilo 9, lamba ndaboola mabowo awiri atsopano, ndipo nambala ya mmawa imakhala pakati pa 6 ndi 7. Glibenclamide anandisiyitsa adokotala ataona kope langa, metformin ndikumwabe. Ulendo wotsatira ndikapempha kuyezedwa HbA1c, kuyeza komwe kumaonetsa mmene shuga wayendera m'miyezi itatu yapitayi, ndipo kope ndalisunga kale m'chikwama pamodzi ndi buku la kuchipatala.