Momwe mungaphunzitsire alangizi a zaumoyo kuthandiza ovutika maganizo pakati pa anthu a magulu ochepa

Dokotala wa matenda a maganizo akhoza kukhala katswiri weniweni, koma ngati wodwala samva chinenero chake, kapena ngati anthu a mtundu wa wodwalayo anazolowera kuopa chipatala, ukatswiriwo umathera m'chipinda momwe dokotalayo wakhala. Umu ndi momwe zimakhalira pakati pa anthu a magulu ochepa m'mayiko ambiri, kaya ndi othawa nkhondo, obwera kudzafuna ntchito, kapena mitundu yomwe yakhala ikusalidwa kwa zaka zambiri. Mantha awo nthawi zina ali ndi maziko. Ku America, kafukufuku wa ku Tuskegee, yemwe anachitika kuyambira 1932 mpaka 1972, anasiya amuna akuda odwala chindoko osawapatsa mankhwala ngakhale penisilini atapezeka, ndipo nkhaniyo anthu akuikumbukirabe. Pamalo ngati amenewa, yemwe angafike pakhomo la munthu wovutika n'kulandiridwa ndi mlangizi wa zaumoyo wochokera pakati pawo pomwepo.

Ntchito imayambira pa kusankha. Musathamangire kutenga amene ali ndi satifiketi zambiri, koma funsani anthu a m'gululo kuti akakhala pa mavuto amakadandaula kwa yani. Mayina amene atchulidwe mobwerezabwereza ndi amene muyenera kuyamba nawo. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa ntchito ya Friendship Bench mu 2006 mumzinda wa Harare pogwira ntchito ndi amayi achikulire omwe anthu ankawadalira kale, ndipo amayiwo ankakhala ndi odwala pa benchi kunja kwa chipatala. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse omwe anathandizidwa pa benchipo ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pomwe mwa anzawo omwe analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100 aliwonse. Samalaninso kuti gulu lomwe likuoneka ngati limodzi kwa munthu wakunja likhoza kukhala logawikana mkati mwake, pa chipembedzo, pa chinenero kapena pa ndale za kudziko lomwe anachokera, motero mlangizi mmodzi sangakwanire onse.

Zophunzitsa simuyenera kuzipeka nokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008 pofuna kuti ogwira ntchito zaumoyo omwe si akatswiri a maganizo athe kuzindikira ndi kuthandiza matenda monga kukhumudwa, misala, khunyu ndi uchidakwa. Palinso njira ya Problem Management Plus, yomwe inayesedwa ku Pakistan ndi ku Kenya, momwe mlangizi amakumana ndi munthu kasanu, kamodzi pa sabata, kwa mphindi 90, n'kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono akapanikizika, kugawa vuto lalikulu m'zigawo zoti angathane nazo, kuyambiranso ntchito zomwe anasiya, ndi kubwerera kwa abale ndi anzake. Ngati mukufuna kuthandiza amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene, njira ya Thinking Healthy, yomwe inayesedwa m'midzi ya m'boma la Rawalpindi ku Pakistan, ndi yoyenera. Sankhani njira imodzi ndipo muiphunzitse mpaka ikhazikike, pakuti mlangizi amene walawako pang'ono njira zinayi sadziwa choyamba kuchita akakhala maso ndi maso ndi munthu wolira.

Pa nkhani ya mawu ndi pomwe muyenera kudekha kwambiri. Anthu ambiri safika n'kunena kuti akudwala maganizo. Amanena kuti mutu sukupola, tulo sakutiona, mtima ukuthamanga, kapena thupi lonse langofooka. Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo ntchito ya Friendship Bench inamangidwa pa mawu amenewo m'malo mwa mawu a m'mabuku a zachipatala. Patulani tsiku lathunthu loti ophunzirawo akuphunzitseni inuyo mawu amene anthu akwawo amagwiritsa ntchito potchula chisoni, mantha ndi kusokonezeka, komanso mawu amene ali ngati chitonzo moti munthu akawamva sadzabweranso. Mukatero mutenge mafunso 9 oyezera kukula kwa matenda a kukhumudwa, otchedwa PHQ-9, omwe amapereka chiwerengero kuyambira 0 mpaka 27, muwamasulire limodzi ndi ophunzirawo, kenako mupemphe munthu wina yemwe sanaone mafunso oyambirira kuti awabwezere m'chinenero chomwe anachokera. Pomwe tanthauzo lapotoka, pamaonekera pomwepo. Ndipo muwauze mosabisa kuti mwana asamasulire makolo ake pa nkhani zoterezi, chifukwa palibe mayi amene angaulule zoti akumenyedwa kudzera pakamwa pa mwana wake.

Nthawi yambiri ya maphunziro ipite ku kuyeserera, osati ku kumvetsera mphunzitsi. Ikani mipando iwiri pakati pa chipinda, wina akhale mlangizi, wina akhale mayi amene mwamuna wake wachotsedwa ntchito. Mayiyo akati, "Ine masiku ano ndikungoona mdima," mlangizi watsopano nthawi zambiri amayankha msangamsanga kuti, "Musadandaule mayi, limbani mtima, zonse zikhala bwino." Pamenepo muimitse sewerolo ndipo mufunse yemwe akuyerekeza kukhala mayiyo kuti wamva bwanji. Kawirikawiri amanena kuti wamva ngati atsekedwa pakamwa. Abwerezenso, koma ulendo uno mlangiziyo anene kuti, "Mayi, tandiuzeni za mdima umenewu, unayamba liti?" ndipo akhale chete mpaka mayiyo ayankhe. Kukhala chete kumeneku ndi kumene kumavuta kuposa china chilichonse, makamaka kwa anthu olemekezeka omwe anazolowera kupereka malangizo, choncho musadabwe ngati mungabwereze kakhumi.

Funso lokhudza kudzipha liyesereredwe mokweza mpaka aliyense alifunse mosachita chibwibwi. Ambiri amaopa kuti kufunsa kungapatse munthu maganizo omwe analibe, koma kafukufuku waonetsa kuti sizitero. Mlangizi adziwe malire ake: munthu amene wakonza kale njira yodziphera, amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, amene wakomoka kapena akunjenjemera atasiya mowa mwadzidzidzi, ameneyo sayenera kudikira sabata ya mawa, ndipo sasiyidwa yekha. Maphunziro asanathe, aliyense akhale ndi nambala ya foni ya namwino kapena dokotala amene adzayankhe, ndipo ngati n'kotheka akaonane naye kuchipatalako kuti adziwane nkhope. Kuphunzitsa anthu kutumiza odwala kumalo komwe palibe wowalandira n'kuwononga mbiri ya mlangizi pakati pa anthu ake.

Kuyandikana komwe kumapangitsa mlangizi kudaliridwa ndi komwenso kumaika chinsinsi pa ngozi. M'gulu laling'ono aliyense amadziwa mnzake, ndipo mlangizi adzakumana ndi apongozi a wodwala wake tsiku lomwelo. Gwirizanani za choyankha wina akafunsa kuti, "Kodi kwa auje mumakatani?" Zolemba zikhale ndi nambala m'malo mwa dzina, ndipo kwa anthu omwe mapepala awo okhalira m'dziko sanalongosoke, musalembe chilichonse chomwe chithandizo sichikufuna. Wodwala auzidwe pa tsiku loyamba kuti chinsinsi chingaululidwe pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina uli pa chiwopsezo.

Mapulogalamu ambiri amagwa pa sabata yotsatira tsiku lolandira satifiketi, ndipo m'maganizo mwanga apa ndi pomwe ndalama zambiri ziyenera kupita. Konzani zoti alangizi azikumana ndi wowayang'anira sabata iliyonse m'timagulu ta anthu osapitirira 8, aliyense afotokoze za wodwala mmodzi amene wamuimitsa mutu popanda kumutchula dzina. Woyang'anirayo nthawi zina azikhala nawo pokambirana ndi wodwala, wodwalayo akalola, kuti aone ngati mlangizi akumvetseradi, ndipo zida za EQUIP zomwe WHO ndi UNICEF anakonza zingathandize poyesa luso lotere. Azifunsanso za mlangizi mwiniwake, chifukwa othawa nkhondo amene akuthandiza anzawo amamva nkhani zomwe zimatosa zilonda zawo. Malangizo a WHO a mu 2018 amanena kuti alangizi a zaumoyo a m'madera azilipidwa molingana ndi ntchito yawo, motero malipiro, ndalama zoyendera ndi mayunitsi a foni zilowe m'bajeti musanaitane ophunzira oyamba. Pakatha miyezi 6, werengani odwala omwe anamaliza maulendo onse, yerekezani chiwerengero chawo cha PHQ-9 cha poyamba ndi cha pomaliza, ndipo mutume munthu wina osati mlangizi wawo kuti akafunse omwe anasiyira panjira chomwe chinawabweza.